Kasankhidwe ndi kaikidwe ka ndodo za mazinga zomata ndi mankhwala m'konkire

Pa ntchito yomanga imafika nthawi imene konkire inauma kale koma pakufunika kumangirirapo chitsulo chimene sichinaganiziridwe pothira, monga mzati wa shedi pa silabu yakale, miyendo ya thanki ya madzi, zogwirira za pa masitepe kapena makina a chigayo amene sayenera kusuntha akamalira. Njira imene yafala ndi yoboola konkireyo, kuthira m'bowomo guluu wa mankhwala awiri amene amauma akasakanikirana, kenako n'kulowetsamo ndodo yachitsulo yokhala ndi mazinga kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Ndodo yotere sikankha konkire kuchokera m'kati monga amachitira mabawuti ofutukuka, ndipo n'chifukwa chake imatheka kuikidwa pafupi ndi mphepete kapena moyandikana ndi inzake.

Amisiri ambiri akakayikira amathamangira kugula ndodo yonenepa kapena ya chitsulo cholimba kwambiri, pamene nthawi zambiri chofooka sichikhala chitsulocho. Katundu amachoka m'ndodo kulowa mu guluu, n'kuchoka mu guluu kulowa m'konkire, ndipo chimene chili chofooka mwa zitatuzi ndicho chimalamula mphamvu ya ntchito yonse. Malangizowa akutsata kawerengedwe ka EN 1992-4, muyeso wa ku Ulaya wa chaka cha 2018 umene opanga ambiri amagwiritsa ntchito m'mapepala awo. Pa chinthu chimene chikagwa chingavulaze munthu, masamu omaliza ayenera kusainidwa ndi injiniya.

Yambani ndi katundu amene ndodo idzanyamule

Musanatchule kukula kwa ndodo, lembani mphamvu zimene zidzaigwere. Pali mphamvu yokoka, imene imafuna kuzula ndodo m'bowo, ndiponso mphamvu yokankha cham'mbali, imene imafuna kuidula pamene yatulukira m'konkire. Zonsezi zimayezedwa m'ma kN, ndipo kN imodzi ndi pafupifupi kulemera kwa makilogalamu 100. Mzati wa shedi umaoneka ngati umangokanikiza pansi, koma mphepo ikalowa kunsi kwa malata denga limafuna kunyamuka, ndipo ndodo za pansi pa mzatiwo zimakokedwa mwamphamvu. Mzati womangidwa ndi ndodo zinayi ukapendekeka ndi mphepo, ziwiri za mbali imodzi ndizo zimanyamula kukoka konse, choncho si bwino kungogawa katundu panayi.

Funso lachiwiri, limene ambiri amalidumpha, ndi lakuti kodi kukokako kudzakhala kwa kanthawi kapena kwa usana ndi usiku kwa zaka zambiri. Guluu akamakokedwa mosalekeza amatha kumatsetsereka pang'onopang'ono, mwina mosaoneka ndi maso, mpaka ndodo itasolotoka. Pa 10 July 2006, zidutswa za konkire za denga la msewu wapansi pa nthaka ku Boston, ku America, zolemera pafupifupi matani 26, zinagwera galimoto ndi kupha mayi mmodzi. Bungwe lofufuza ngozi la National Transportation Safety Board linapeza kuti guluu wa epoxy amene anamatira ndodo zopachikira dengalo sanali wopirira kukokedwa kwa nthawi yaitali. Ku Japan, denga la msewu woboola phiri wa Sasago, limene linalinso lopachikidwa pa mabawuti omata ndi mankhwala, linagwa pa 2 December 2012 ndipo anthu 9 anafa. Lero EN 1992-4 imati ngati wopanga sanapereke chiwerengero chake choyesedwa, ndodo yokokedwa mosalekeza iwerengedwe ngati guluu wake ali ndi magawo 60 okha pa 100 a mphamvu yake. Chilichonse chopachikidwa pamwamba pa mitu ya anthu chili m'gulu limeneli.

Kenako dziwani chimene mukuboola

Ziwerengero za opanga zimaperekedwa pa konkire ya gulu la kulimba lotchedwa C20/25 kapena yolimba kuposa pamenepo, imene yakwanitsa masiku 28 chithiridwire. Konkire yosakaniza ndi fosholo pamalo a ntchito, mchenga wochuluka ndi madzi ongoyerekeza, nthawi zambiri sifika pamenepo, ndipo ngati mbiri yake simukuidziwa ndi bwino kuiyesa kaye. Yezaninso kuchindikala kwake. Pa ndodo zazing'ono konkire iyenera kuposa kuya kwa bowo ndi mamilimita 30, ndipo isachepere mamilimita 100, pamene pa ndodo za M16, zonenepa mamilimita 16, kupita m'mwamba opanga ambiri amafuna kuti iwonjezere kawiri kukula kwa bowo. Silabu ya pansi ya mamilimita 100 yokutidwa ndi pulasitala singanyamule mzati wolemera, ngakhale guluu akhale wodula chotani. Pulasitala, matailosi ndi simenti yosalazira pamwamba siziwerengedwa pa kuya kwa bowo.

Dziwaninso ngati malowo ndi a konkire yong'aluka kapena ayi. Apa sitikunena za ming'alu ikuluikulu yooneka patali, koma timing'alu ta gawo laling'ono la milimita timene timabwera mwachibadwa paliponse pamene konkire ikukokedwa, monga kunsi kwa silabu yam'mwamba. Kamng'alu kakadutsa pa bowo, kugwira kwa guluu kumachepa kwambiri. Lamulo labwino ndi kuwerengera ngati konkire ndi yong'aluka pokhapokha injiniya atasonyeza kuti sizili choncho. Kumadera a zivomezi, monga Karonga kumene kunagwedezeka mu December 2009, sankhani guluu ndi ndodo zimene zinayesedwa kupirira zivomezi m'gulu la C1 kapena C2.

Mabuloko a simenti okhala ndi mphako ndi nkhani ina. Guluu amangogwera m'mphakomo ngati simunaike kaye kachubu ka sefa kamene kamamusunga mozungulira ndodo, ndipo mphamvu imene mungapeze m'buloko ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya m'konkire.

Kusankha chitsulo

Ndodo zimatchulidwa ndi kukula kwake m'mamilimita, monga M10, M12, M16, M20 ndi M24, koma mphamvu siwerengedwa pa kukula kwa kunja chifukwa mazinga amadya mbali ina ya chitsulo. Malo enieni onyamula katundu ndi 58 mm² pa M10, 84.3 mm² pa M12, 157 mm² pa M16, 245 mm² pa M20 ndi 353 mm² pa M24.

Kulimba kwa chitsulo kumalembedwa ndi manambala awiri motsatira muyeso wa ISO 898-1. Nambala yoyamba ikachulukitsidwa ndi 100 imapereka mphamvu imene chitsulo chimadukira, ndipo yachiwiri imanena gawo la mphamvuyo pamene chimayamba kutamuka osabwerera. Choncho ndodo ya 8.8 imaduka pa 800 N/mm² ndipo imayamba kutamuka pa 640, ya 5.8 imaduka pa 500 ndi kutamuka pa 400, pamene ya 4.6 imaduka pa 400 ndi kutamuka pa 240. Ndodo ya M16 ya 5.8 imakwana 157 kuchulukitsa ndi 500, zimene ndi 78,500 N kapena 78.5 kN, ndipo tikagawa ndi 1.5 wa chitetezo timatsala ndi 52 kN. Ya 8.8 imapereka 125.6 kN, kapena 84 kN titagawa. Pa kukankhidwa cham'mbali ndodo imanyamula pafupifupi theka la mphamvu yake yodukira, ndipo imanyamula zochepa kuposa apo ngati puleti, chitsulo chathyathyathya chimene ndodo zikumangirira, yakwezedwa pamwamba pa konkire n'kusiya ndodo ili pamtunda, poti pamenepo imayamba kupindika.

Ndodo zogulitsidwa m'mamita zimakhala ndi chizindikiro kumapeto. Motsatira muyeso wa DIN 976, utoto wachikasu ndi 8.8, wabuluu ndi 5.8, wobiriwira ndi A2, ndipo wofiira ndi A4, awiri omalizawa ndi magulu a chitsulo chosachita dzimbiri. Vuto ndi lakuti ndodo ikadulidwadulidwa chizindikirocho chimatsala pa chidutswa chimodzi chokha, kotero zidutswa za magulu osiyana zisamasungidwe m'bokosi limodzi. Ndodo imene ilibe chizindikiro chilichonse komanso ilibe pepala la wopanga muitenge ngati ya gulu lotsikitsitsa, kaya wogulitsa akulumbira bwanji. Nati nayo ikhale ya gulu logwirizana, ya 8 pa ndodo ya 8.8.

Kuya kwa bowo, kumene kuli nkhani yonse

Ndodo ikamakokedwa imatha kulephera m'njira zinayi: chitsulo kuduka, ndodo kusolotoka chifukwa guluu wasiya, konkire kubenthuka mozungulira ndodo, kapena konkire kung'ambika pakati. Njira iliyonse imawerengedwa payokha ndipo yotsikitsitsa ndiyo yankho.

Kugwira kwa guluu kumapezeka pochulukitsa 3.14 ndi kukula kwa ndodo, ndi kuya kwake, ndi mphamvu ya kumata imene yalembedwa m'pepala lovomerezeka la guluuyo, limene ku Ulaya limatchedwa ETA. Tiyerekeze kuti injiniya wapeza kuti ndodo iliyonse ya mzati wa shedi ikokedwa ndi 30 kN, zachitetezo zitawerengedwa kale, ndipo tasankha M16 yolowa mamilimita 125. Malo omatika ndi 6,280 mm². Ngati pepala likunena 10 N/mm² pa konkire yosang'aluka, timapeza 63 kN, ndipo tikagawa ndi 1.5 imakhala 42 kN, imene ikukwanira. Koma ngati konkireyo ndi yong'aluka ndipo pepala likunena 6 N/mm², timatsala ndi 25 kN, ndipo ndodo yalephera ngakhale chitsulo chake chikanatha kunyamula 52 kN. Kusintha ndodo kuchoka pa 5.8 kupita pa 8.8 sikuwonjezera kanthu pamenepa. Chofunika ndi kuzamitsa bowo mpaka mamilimita 170, zimene zimapereka 34 kN. Manambala a kumata amene ndagwiritsa ntchito ndi achitsanzo chabe, enieni muwatenge m'pepala la guluu amene mwagula, momwenso mudzapeze kuti ena amafuna kugawa ndi 1.8 kapena 2.1 m'malo mwa 1.5, makamaka m'mabowo onyowa.

Kubenthuka kwa konkire kumachitika monga mmene chinangwa chimazukira pamodzi ndi chibuma cha dothi lake, guluu osasiya ndodo koma konkire yoizungulira n'kunyamuka yonse. Mphamvu yake imapezeka pochulukitsa 7.7 pa konkire yong'aluka, kapena 11.0 pa yosang'aluka, ndi square root ya kulimba kwa konkire, kumene ndi 20 pa C20/25, ndi kuya kwa ndodo, ndiponso square root ya kuyako. Pa C20/25 yong'aluka, kuya kwa 125 kumapereka 48 kN, kapena 32 kN titagawa ndi 1.5, pamene kuya kwa 170 kumapereka 76 kN, kapena 51 kN. Onani kuti kukula kwa ndodo sikulowa n'komwe m'masamu amenewa. Kuwirikiza kuya kawiri kumawonjezera mphamvu ya konkire pafupifupi katatu, pamene kunenepetsa ndodo sikusintha kalikonse pa kubenthuka. Miyeso imalola kuya koyambira pa kanayi mpaka ka 20 kukula kwa ndodo, ndipo kuya kozolowereka ndi mamilimita 90 pa M10, 110 pa M12, 125 pa M16, 170 pa M20 ndi 210 pa M24.

Tikazamitsa mpaka 170, tibwererenso ku kuchindikala kwa konkire. Bowo la M16 ndi la mamilimita 18, choncho pakufunika 170 kuphatikiza 36, ndiye kuti konkire yosachepera mamilimita 206. Ngati silabu ndi yopyapyala kuposa apo, njira ndi kuchulukitsa ndodo pa puleti yotambalala kapena kuthira phazi latsopano la konkire.

Chibenthu cha konkire chimene chimanyamuka chimafika mtunda wokwana 1.5 kuchulukitsa kuya mbali zonse. Ndodo yolowa 170 imafuna mamilimita 255 kukafika m'mphepete ndi 510 kukafika pa inzake kuti ikhale ndi mphamvu yake yonse. Ikaikidwa pa theka la mtunda umenewu kuchokera m'mphepete, imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya konkire. Ndodo zinayi zothinana pa puleti yaing'ono zimagawana chibenthu chimodzi, choncho sizinyamula kanayi katundu wa ndodo imodzi. Mtunda wochepetsetsa umene wopanga amalemba ndi wongoteteza kuti konkire isasweke poika ndi pomanga nati, si mtunda wopereka mphamvu yonse. Ndipo ngati ndodo ikukankhidwa molunjika m'mphepete, mphepeteyo imatha kunyotsoka msanga, motero mbali imeneyi iwerengedwe payokha.

Dzimbiri

Ndodo zonyezimira zopakidwa zinki wopyapyala, wa mamaikuloni 5 kapena kuposerapo pang'ono (mamaikuloni 1,000 ndi milimita imodzi), ndi za m'kati mwa nyumba mouma basi. Zoviikidwa mu zinki wotentha zimakhala ndi mamaikuloni 40 mpaka 50 ndipo zimapirira panja kwa nthawi, koma zimafuna manati akeake amene mazinga ake anakulitsidwa pang'ono, chifukwa nati wamba imakana kulowa. Panja pamene pamanyowa nthawi zonse, m'mafakitale, ndiponso m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere monga Beira ndi Nacala, pamafunika chitsulo chosachita dzimbiri cha A4. M'nyumba za madamu osambira, mmene mpweya uli ndi kolorini, ngakhale A4 imatha kung'aluka mosaonekera, ndipo pamafunika chitsulo chapadera monga 1.4529. Nati ndi washala zikhale za mtundu umodzi ndi ndodo. Guluu amateteza mbali imene ili m'bowo, koma dzimbiri limayambira pakamwa pa bowo pamene madzi amadikha.

Maonekedwe a ndodo yeniyeniyo

Utali wa ndodo ndi kuya kwa bowo kuphatikiza zonse zimene zili pamwamba. Pa chitsanzo chathu ndi 170, kuwonjezera 20 wa simenti yoyalira pansi pa puleti, 15 wa puleti, 3 wa washala, 15 wa nati, ndi mazinga awiri kapena atatu otsala kunja, zimene zikufika pafupifupi mamilimita 230. Ikani chizindikiro cha tepi kapena cholembera pa 170 kuti woika aone ngati ndodo yafika pansi.

Mazinga ndi amene amachititsa kuti guluu alumane ndi chitsulo, choncho mbali yolowa m'bowo ikhale ya mazinga yonse. Chitsulo chosalala sichingalowe m'malo mwake. Kumapeto kwa ndodo kumatengera mtundu wa guluu. Ngati mukugwiritsa ntchito guluu wa m'kabotolo ka galasi kolowetsa m'bowo, ndodo iyenera kukhala yosongoka, yodulidwa mopendekera pa madigiri 45, ndipo imalowetsedwa ndi makina oboolera akuzungulira ndi kumenya kuti iswe galasi ndi kusakaniza mankhwala. Kuikhomera ndi hamala kumasiya mankhwala osasakanikirana. Pa guluu wofinya kuchokera m'chubu, mapeto athyathyathya ndi okwanira. Palinso ndodo zopangidwira konkire yong'aluka, zimene mbali yake ya m'bowo ili ndi timapewa totsatizana m'malo mwa mazinga wamba. Mng'alu ukatseguka, timapewato timakanikiza guluu wouma ku khoma la bowo ndipo ndodo imagwirabe. Ndodo zimenezi zimagwira ntchito ndi guluu wake yekha amene zinayesedwa naye.

Mukadula ndodo, palani mapeto kuti nati ilowe bwino, ndipo pukutani mafuta onse, chifukwa ndodo zambiri zimachoka kufakitale zili ndi mafuta oteteza dzimbiri ndipo guluu sagwira pa mafuta. Musawotcherere chilichonse pa ndodo imene yamatidwa kale, poti kutentha kumatsika ndi chitsulo n'kukapha guluu, ndipo ndodo ya 8.8 siyenera kuwotcheredwa kapena kupindidwa ndi moto.

Kuika

Guluu wa polyester ndi wa ntchito zopepuka, makamaka m'makoma. Wa vinylester amauma msanga ndipo ndi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'konkire. Epoxy amachedwa kuuma koma amamata mwamphamvu, ndipo ndi woyenera mabowo akuya, ndodo zazikulu ndi mabowo osalala oboola ndi dayamondi. Onani tsiku lothera ntchito pa chubu, ndipo musasunge machubu padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Boolani molunjika ndi kukula kumene wopanga walemba, kumene kawirikawiri ndi mamilimita 12 pa M10, 14 pa M12, 18 pa M16 ndi 22 kapena 24 pa M20. Mukagunda chitsulo cha m'konkire musachidule popanda chilolezo cha injiniya. Bowo lolakwikalo litsekedwe ndi simenti yolimba ndipo muboole pena.

Kuyeretsa bowo ndi ntchito yotopetsa imene imasiyidwira wothandizira, komabe ndi imene imawononga ndodo zambiri. Fumbi la kuboola limakhala ngati ufa womatirira m'khoma la bowo, ndipo guluu akamata ufawo m'malo mwa konkire mphamvu imatha kutsika ndi theka. Uzirani mpweya kuchokera pansi pa bowo ndi pampu kapena kompuresa yopanda mafuta, kwechani ndi burashi yawaya yokula pang'ono kuposa bowo, kenako uziraninso, ndipo chilichonse chichitike kosachepera kawiri kapena monga mmene pepala lanenera, mpaka mpweya uzituluka wopanda fumbi. Burashi imene ikulowa mosakhudza khoma yatha ntchito. Kuuzira ndi pakamwa kudzera m'kapaipi sikuchotsa fumbi la m'khoma, ndipo fumbi la konkire limawononga mapapo ndi maso.

Mangani kamlomo kosakanizira pa chubu ndipo finyirani pambali guluu woyamba mpaka mtundu wake ukhale umodzi wopanda mizere. Lowetsani kamlomoko mpaka pansi pa bowo, muzifinya mukukokera kunja pang'onopang'ono kuti musatsekere mpweya m'kati, ndipo mudzaze pafupifupi magawo awiri mwa atatu a bowo. Lowetsani ndodo ndi dzanja mukuipotokola mpaka chizindikiro chifike pa konkire. Guluu ayenera kutuluka pang'ono mozungulira pakamwa pa bowo. Ngati sanatuluke, ndiye kuti wachepa, ndipo ndodo izulidwe nthawi yomweyo kuti ntchito iyambirenso. Pa mabowo oyang'ana kumwamba pamafunika zotsekera zapadera ndi timphero togwira ndodo kuti isatsike guluu asanaume.

Nthawi imatengera kutentha kwa konkire, osati kwa mpweya wokha. Pa madigiri 20, vinylester amakupatsani mphindi zochepa zokha zoikira ndodo ndipo amauma pafupifupi mu ola limodzi, pamene epoxy amalola pafupifupi theka la ola koma amafuna maola ambiri, mwina usiku wonse. M'chigwa cha Shire m'mwezi wa October, pamene silabu yokhala padzuwa imaotcha dzanja, vinylester amatha kulimba m'mphindi ziwiri kapena zitatu, ndodo isanafike pansi. Kumalo otere gwirani ntchito m'mamawa, sungani machubu pamthunzi, ndipo muzidzaza bowo limodzi n'kuikamo ndodo musanapite pa lina. M'konkire yonyowa opanga ambiri amati nthawi youmira iwirikizidwe kawiri. Pa nthawi yonseyi ndodo isagwedezedwe, ngakhale kungoiwongola pang'ono kuti igwirizane ndi puleti. Kuti zimenezi zisafunike, gwiritsani ntchito thabwa loboola mofanana ndi puleti kuti ligwire ndodo zonse pamalo ake.

Guluu akauma, mangani nati ndi sipanala yoyeza mphamvu. Malire amene opanga amalemba amakhala pafupifupi 20 Nm pa M10, 40 Nm pa M12 ndi 60 mpaka 80 Nm pa M16. Amenewa ndi malire osayenera kupyoledwa, chifukwa kumanga mopitirira kumayamba kukoka ndodo katundu weniweni asanabwere, ndipo kuwonjezera paipi ku sipanala kumatha kung'amba konkire ya m'mphepete.

Pa ntchito yofunika, ndodo zina ziyesedwe ndi makina okokera molingana ndi muyeso monga BS 8539, pa mphamvu imene injiniya watchula, yoposa katundu wa tsiku ndi tsiku koma yosafika powononga ndodo. Imodzi ikasuntha, chiwerengero cha zoyesedwa chiwonjezeredwe ndipo chifukwa chake chipezeke ntchito isanapitirire. Pa pulani ndi m'buku la pamalo a ntchito mulembe dzina la guluu ndi nambala ya chubu, kukula ndi gulu la ndodo, mtundu wa zinki kapena chitsulo, kukula ndi kuya kwa bowo, mtunda wa m'mphepete, mphamvu yomangira nati ndi tsiku loika. Wina akafuna kusintha guluu ndi wa kampani ina chifukwa woyambayo wasowa pamsika, masamu a kumata abwerezedwe ndi manambala a guluu watsopanoyo bowo loyamba lisanabooledwe.